Ndisanalowe M'chipinda cha Opaleshoni

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndagwada, ngakhale kugwada kwake ndi kwa papepala, poti maondo enieniwa anakana kalekale. Muli bwanji kumeneko? Msana uja ukukulolani kuwerama? Nanga diso lakumanzere, mankhwala odonthezera aja mukuthira, kapena mwawaikanso pawindo n'kuwaiwala? Ine kuno ndikudzuka, ndikupita kuntchito. Sindinena kuti ndili bwino kwenikweni, chifukwa bodza langa mumaligwira ngakhale muli kutali, koma ndilipo.

Ndikudziwa kuti akukuwerengerani kalatayi ndi mng'ono wanga. Iwe Mzime, werenga zonse monga ndalembera. Ndimakudziwa, ukafika pamene pali powawa umadumpha n'kunena kuti apa inki yafufutika. Cholembera chake n'chatsopano.

Mwina mukudabwa kuti foni ilipo koma ndasankha pepala. Pepala simungalipatsire munthu wina n'kutuluka panja monga munachitira ndi foni Lamulungu lija. Mukhoza kulikwiyira, kuliponya pansi pa pilo, koma mawu ake sachoka. Komanso ine ndikamayankhula nthawi yaitali mpweya umandithera pakati pa nkhani, ndiye inu mumapambana mkangano musanamve mbali yanga.

Kuno kwayamba kuzizira, mitengo ya mumsewu mwathu yayoyola masamba. Ndinasamuka m'chipinda cham'mwamba chija. Tsopano ndili pansi, nyumba yomweyo, khomo loyang'anizana ndi la Mayi Telala, amene munawapatsa moni pafoni chaka chatha. Chipindacho n'chaching'ono ndipo windo lake lapenya kumene amaika migolo ya zinyalala, koma kulibe masitepe. Cham'mwamba chija ndinkachikonda chifukwa dzuwa likamapendeka ndinkaima pawindo n'kumadziuza kuti kwathu ndi cha uko, ngakhale mwina ndinkaloza kolakwika. Koma masitepe anafika pondigonjetsa. Ndinkapumira panjira, nditagwira khoma, anthu n'kumandilambalala ngati kabati imene eni ake alephera kuikweza.

Za kuntchito munangomva kuti andisintha malo, koma mmene zinayendera simunamve. Tsiku lina masana, basi yanga itadzaza ndi anthu ochokera kumsika, ndinaima pa maloboti ofiira. Chimene ndinamva kenako ndi agogo ena akugogoda galasi lakumbuyo kwanga ndi ambulera, magalimoto akuliza mahutala mbali zonse. Ndinali nditagona, Amayi, manja ali pachiwongolero. Phazi linali pabuleki, ndipo amene analigwirira pamenepo ndi Mulungu yekha. Palibe anavulala, ena m'basimo anaseka kumene. Koma ine nditafika kudepoti ndinakoleka kiyi pamsomali wake n'kukawauza abwana zonse.

Abwana ananditumiza kwa dokotala wa kampani, iye n'kunditumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anapeza kuti ndikagona, mafuta a m'khosi amatseka njira, mpweya umaima n'kuyambiranso, umaima n'kuyambiranso, mpaka kucha. Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikugona osapuma, kupuma kwake kwa mitundu yonse iwiri. Anandipatsa makina okhala ndi chipaipi chovala kumphuno. Mukanandiona nditavala mukanati mwabala njovu. Pamwamba pa zimenezi anapezanso shuga, ndi magazi othamanga, kuwonjezera pa mwendo uja mukuudziwa kale.

Pakadali pano andiika pawindo la katundu woiwalika m'mabasi. Ntchito yake ndi yokhala pansi. Amabweretsa maambulera, zipewa, mafoni, nsapato imodziimodzi ya ana. Sabata yatha anabweretsa mano oikirira, okulungidwa bwinobwino m'kansalu. Palinso ndodo yoyendera munthu wolumala imene yakhala pakona mwezi wathunthu. Mwini wake anatsika bwanji basi sindikudziwa, mwina anachira panjira. Ndimaseka, koma m'mawa basi yanga ikamatuluka pageti ili m'manja mwa wina, ndimayang'ana kumbali. Munthu ameneyo amakhota pakona ngati akuthawa ngongole, ndipo galasi lakumanzere analipotoza.

Tsopano ndifike pa nkhani imene inakutulutsani panja.

Musaganize kuti ndathamangira mpeni. Palibe chimene sindinayese. Ndamwapo matiyi owawa amene amagulitsa pakona, ndazungulirapo bwalo la mpira mpaka maondo kutupa, ndasiyapo shuga, ndadyapo masamba okhaokha ngati mbuzi. Anandibayanso majakisoni ochepetsa chilakolako cha chakudya, ena amawathandiza, koma ine ndinkangosanza mpaka anandisiyitsa. Nthawi zonse thupi limatsika pang'ono, kenako limabwerera litatenganso abale ake.

Dokotala amene akufuna kundichita opaleshoni ndi mayi wochepa thupi, wondifika paphewa, woyenda mofulumira moti anamwino amamutcha Kanyerere iye kulibe. Anandikhazika pansi n'kujambula papepala chimene adzachite. Anati sadzang'amba mimba monga madokotala akwathu anachitira ndi bambo. Amaboola timabowo ting'onoting'ono, n'kulowetsa kamera ndi tizipangizo, n'kuchotsa mbali yaikulu ya chifu, thumba lija chakudya chimafikiramo. Chotsalacho chimakhala chachitali chowonda ngati nthochi. Munthu amakhuta ndi chakudya chongokwana m'kapu, ndipo njala yolusa ija imazizira.

Sanandibisire zoipa zake. Anati magazi akhoza kutuluka, posokapo pakhoza kudontha, ndipo chimene chachotsedwa sichibwezeredwa. Anati mapiritsi a mavitamini ndidzamwa moyo wanga wonse, tsitsi lidzayoyoka kwa kanthawi, khungu lidzalendewera ngati diresi yobwereka. Ndinamvetsera zonsezo, kenako ndinamuuza za bambo ndi vuto lawo la matumbo, kuti analowa m'chipinda chotero akuyankhula, akutumiza Mzime kuti akatsekere nkhuku, n'kutuluka atafundidwa kumutu. Ndinamufunsa mosapsatira.

"Adokotala, kodi ine ndidzatuluka?"

Anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "Sindilonjeza munthu chimene sichili m'manja mwanga. Bambo anu analowa matumbo ataphulika kale, mothamanga. Inu mulowa titakukonzani miyezi. Amene satuluka alipo, koma ndi ochepa kwambiri. Chimene ndikuopa ine si tebulo langa, mayi. Ndikuopa zaka zikubwerazi mukapanda kugonapo."

Ndinamukhulupirira chifukwa sanandinyengerere. Za kulipira musade nkhawa, inshuwalansi yakuntchito ndiyo yasenza.

Samangokutenga n'kukugoneka. Amayamba akuzunguliritsa m'zipinda. Wina anayeza mtima, wina analowetsa kapaipi kukhosi kuti aone m'mimba, wina ndi wophunzitsa kadyedwe. Chipinda chimene ndinkachiderera ndi cha mlangizi, mayi wa imvi, wovala magalasi a chingwe, amene ntchito yake ndi kufunsa mafunso basi. Ndinalowa ndikuganiza kuti ndingomuyankha zomusangalatsa ndizipita. Anandifunsa nthawi imene ndimadya kwambiri. Ndinati ndikamva njala, nanga munthu amadya liti? Iye anati ndiganize bwino, tsiku lake ndi liti, ndimakhala nditachokera kuti.

Pamenepo ndinaliona tsikulo. Ndi Lamulungu, Amayi. Tikangomaliza kuyankhulana pafoni, inu mukati tsala bwino, m'chipinda muno mumakhala zii. Kumbuyo kwa mawu anu ndimakhala nditamva ndowa ikugunda pampopi, tambala wa aneba, mdzukulu wanu akukangana ndi Mzime za chipeso, ndiye zonsezo zimazima kamodzi. Ndimavala jekete n'kupita pakona pamene amaphika buledi. Ndimagula wotentha, ndi chipisi, ndi botolo lalikulu la zakumwa za gasi, n'kubwera kudzakhala pabedi. Ndimadya mpaka pamene pankapweteka patasiya kumveka. Ndinamuuza mayiyo zimenezi ndipo ndinalira ngati mwana woiwalidwa pamsika. Iye anangondikankhira bokosi la timapepala topukutira, n'kunena kuti mpeni wa dokotala uchepetsa chifu koma kusowa kwathu sukhudza, chimenecho tiyenera kuchipezera pena pochiika. Ndimapitabe kwa iye. Tsopano Lamulungu ndikamaliza foni ndimagogoda kwa Mayi Telala, n'kukhala pampando wawo ndikumasula ulusi wa zovala zimene akukonza. Amati ndimamasula bwino koma ndimalongolola.

Amatisonkhanitsanso Loweruka lina lililonse, ife oyembekeza pamodzi ndi amene anachitidwa kale. Mipando yake ndi yotakata, yopanda zogwirira m'mbali, ndipo ndi malo okhawo mumzinda muno kumene ndimakhala pansi osayamba ndauyeza mpando ndi maso. Pali bambo wina wokonza mapaipi amene anachitidwa chaka chatha. Amati kale akaitanidwa kukakonza pansi pa sinki ankatumiza anzake chifukwa iye sankakwanapo, tsopano akukwana ndiye chowiringula chatha, ntchito yamuchulukira, akuganiza zokasumira dokotala. Koma palinso mayi wina wogulitsa maluwa amene saseka. Iye anatiuza kuti shuga inatha, maondo anapepuka, koma amasowa kudya ndi anthu. Pachikondwerero amatha tisupuni tingapo n'kukhala akuonerera anzake, ndipo achemwali ake anakwiya poganiza kuti akunyoza zophika zawo. Anati atabwerera m'mbuyo akanachitabe, koma tisamanamizane kuti n'zaulere. Ndinamuthokoza. Walira mvula walira matope.

Kukonzekera kwake ndiye sukulu yeniyeni. Ndikudyera m'mbale ya mwana, ndi supuni ya tiyi. Nthongo iliyonse ndiyenera kutafuna mpaka nsagwada zitatopa. Madzi osamwera pachakudya, koma kudikira kaye. Zakumwa za gasi ndinatsanzikana nazo ngati mwamuna woipa, ndikuzikondabe koma osazitsegulira chitseko. Mayi Telala analowa m'chipinda mwanga ngati wapolisi, n'kukhuthula filiji ndi kabati, mpaka anapeza mabisiketi amene ndinabisa m'bokosi la nsapato. Masabata omaliza ndidzakhala pa zamadzimadzi zokhazokha, supu wosefa ndi mkaka wopanda mafuta, akuti kuti chiwindi chiphwe, dokotala apeze podutsa. Ndikaweruka ndimazungulira mpanda wa depoti wapansi. Poyamba amakaniko ankaimba mluzu, tsopano mmodzi wa iwo, mkulu wa dazi amene timamutcha Sipanala, amayenda nane, akuti mkazi wake wamuuza kuti nayenso mimba yayamba kufika pakhomo iye asanafike.

Zonsezi ndinkafuna kukuuzani Lamulungu lija, koma ndinangofika pa mawu akuti opaleshoni. Munati, "Ndinakubala wathunthu ine. Ukafuna kukadzidulitsa usandiuze." Kenako ndinamva foni ikupatsidwa kwa Mzime, ndi chitseko. Kuyambira tsiku limenelo ndikaimba mumakhala muli kubafa, kapena mwapita kokaona odwala, kapena mwagona masana, inu amene simunagonepo masana chibadwire changa.

Sindikukuimbani mlandu. Ndikudziwa chimene thupi ili lili kwa inu. Ndinabadwa wonyentchera, wodwaladwala, anthu n'kumanditcha Kansungwi. Munandiuza nokha kuti amayi ena pachipatala ankakunong'onezani kuti simudziwa kudyetsa mwana, ndipo munkalira pobwerera. Munkandithamangitsa ndi supuni kuzungulira nyumba. Dzira likapezeka limodzi linkakhala langa, Mzime akuyang'ana, mpaka lero sanandikhululukire. Ndiye nditabwera kuno n'kuyamba kutumiza zithunzi masaya atatuluka, munkayenda nazo m'chikwama n'kumaonetsa amayi anzanu kutchalitchi, kuti onani Kansungwi wanga uja, wakhala mtengo. Mnofu uliwonse munaumenyera nkhondo. Lero ndikubwera kudzakuuzani kuti ndikukaupereka kwa munthu wa mpeni, m'chipinda chonga chimene chinakulandani mwamuna. Ndikanakhala inu, nanenso ndikanatuluka panja. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo izi zakupotani koopsa.

Mudziwe kuti mawu anu sanagwe pansi. Sabata imeneyo ndinaganiza zosiya zonse. Ndinatenga yunifolomu yanga n'kupita nayo kwa Mayi Telala kuti aikulitsenso, poti mabatani anayamba kukokana. Ndinawauza kuti opaleshoni ija ndaileka, mayi anga akana. Anaitembenuza siketiyo n'kundionetsa m'kati, mmene anaphatikizamo kale nsalu kangapo, iliyonse mtundu wakewake. Kenako anaipinda n'kundibwezera.

"Nsalu ilipo yambiri, mwana wanga, ndikhoza kukuwonjezera mpaka ukhale tenti. Koma nthawi iliyonse ndikamakuyeza ndimamva mmene ukupumira. Chovala chikukula, iwe ukutha. Ine sindisokanso."

Ndinakwiya nawo, masiku angapo osawapatsa moni. Koma chimene chinanditsiriza ndi mdzukulu wanu. Anandiimbira tsiku lina ndikuchokera kuntchito, nditangotsika basi. Kuchoka pamenepo kufika kunyumba pali kachitunda kakang'ono, koti inu ndi msana wanuwo mungakwere mukuimba. Iye anali wosangalala, akundiuza kuti chaka chamawa akumaliza sukulu, ndipo patsiku lolandira satifiketi aliyense amaloledwa kubwera ndi anthu awiri, iye wasankha inu ndi ine. Ndinafuna kumuyankha kuti ndibwera, koma mawu sanatuluke. Ndinkangopuma mufoni muja, wefuwefu, nditatsamira mpanda wa eni ake. Anandifunsa ngati ndikulira. Ndinati ayi, ndikuyenda. Kenako anati, "Musadandaule amayi, mukadzabwera tidzayenda pang'onopang'ono. Ndidzakupezerani mpando pafupi ndi khomo."

Mwana amene ndinamusiya akundigwira chala powoloka msewu, lero akukonza zondipezera mpando pafupi ndi khomo ngati nkhalamba. Ndinafika m'nyumba, ndinakhala pabedi nsapato zili kuphazi, ndipo kutacha ndinaimbira kuchipatala kuti dzina langa asalichotse.

Amayi, maliro a bambo ndinawaonera pafoni. Mukukumbukira kuti nthawi imeneyo magazi anali ataundana m'mwendo ndipo madokotala anandiletsa kukwera ndege. Foniyo inali m'manja mwa Mzime, ikugwedezeka, nthawi zina ikuonetsa bokosi, nthawi zina mapazi a anthu, nthawi zina kumwamba. Ndinakuonani pang'ono chabe, mutagwiridwa mbali zonse ndi azakhali ndi amayi ena, ndipo ine mwana wanu woyamba ndinali pabedi kuno mwendo uli pamwamba pa mapilo. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse ndimati chaka chino ndipita, thupi n'kukana. Sindikufuna kudzaoneranso china chilichonse chakwathu pagalasi. Chosangalatsa kaya chowawa, ndikufuna ndidzakhalepo ndi miyendo yanga.

Ndimakusowani m'tinthu tating'ono tosayenera kulemba m'kalata. Mmene mumaitanira munthu mayina a ana anu onse musanafike pa lake. Mmene mumapukutira kapu youma kale mlendo akabwera. Fungo la sopo wanu pa thaulo lakuseri kwa chitseko. Tsiku lina pawindo langa la katundu anabweretsa mpango woiwalika, wa madontho abuluu ngati wanu uja wa kutchalitchi, ndipo ndinaugwira nthawi yaitali ndisanauike pashelefu. Koposa zonse ndimafuna kukhala pansi pakhonde, pakati pa maondo anu, muzindiluka tsitsi mukundikoka mutu n'kumati ndikhazikike. Panopa pansi sindingakhale, ndikakhala pafunika anthu awiri ndi pemphero kuti ndidzuke. Koma amene anachitidwa kale aja akuti zimabwerera. Tsitsi lake mwina lidzakhala lochepa, ntchito idzakupepukirani.

Tsiku andipatsa. Ndi Lachinayi loyamba la mwezi wamawa, m'mawa. Mayi Telala adzandiperekeza, ndipo akonza kale kuti ndikatuluka ndidzagone kwawo mpaka nditalimba. Tinagwirizananso, siketi ija akuti aisunga kuti adzaichepetse. Sipanala walonjeza galimoto yake. Sindili ndekha, koma onsewa si inu.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikupempha kuti muvomereze. Ndalingalira mokwanira ndipo ndilowa, mundikhululukire ponena mosabisa chonchi. Ndikupempha kuti m'mawa umenewo, ndisanavule zovala zanga n'kuvala zachipatala, ndikadzaimba mudzayankhe nokha. Mzime ndimuuza nthawi yake kuti foni idzakhale ndi moto. Musadzakhale kubafa. Mukafuna kudzandikalipira mudzandikalipire, mukafuna kupemphera mudzapemphere, mukasowa chonena mudzangondiuza kuti kunja kwacha bwanji ndi chimene nkhuku zawononga. Ndikuopa, Amayi. Ndine mayi wa mwana wamkulu, ndayendetsa basi m'misewu yothina mvula ikugwa osagunda kanthu, koma ndikaganiza za bedi la matayala lija ndi magetsi a kudenga akudutsa, ndimasanduka kamwana. Sindikufuna kuti chomaliza kumva kuchokera kwanu ndisanagone chikhale chitseko.

Mundiperekere moni kwa amalume, muwauze kuti jekete lawo sindinaiwale, ndikudikira kuti asankhe mtundu umodzi asiye kusinthasintha. Moni kwa azakhali, ndipo nkhaniyi muwauze nokha modekha, isawafike kudzera kumpopi itamera nyanga. Moni kwa alamu anga, amuna a Mzime, ndi ana onse, makamaka wamng'ono amene sindinamunyamulepo. Iwe Mzime, zikomo powerenga mpaka pano, ndipo ngati walira pukuta nkhope usanapite kukhitchini. Mwana wanga ndimulembera yakeyake, koma mumupsompsone pachipumi ngakhale akane kuti wakula.

Zikayenda bwino, chaka chamawa mudzabwere kudzandichingamira. Akuti ndidzasintha kwambiri, mwina mudzandidutsa mukuyang'ana munthu wina wamkulu kumbuyo kwanga. Musadzachite manyazi. Ine ndidzakuonani msanga, ndipo ndidzayamba kukuitanani ndili patali. Ndinafunsa kwa dokotala, wanditsimikizira kuti mawu sadulako.

Tsalani mu mtendere, ndipo mankhwala a diso muthire.

Ndine mwana wanu woyamba,
mayi wa mdzukulu wanu.